Ngalawa ya Apongozi ndi Mchira wa Buluzi

Padangokhala, kale lomwe lija nyama zinkakwatirana osawerengana miyendo. Vomerani kuti tili tonse, ndisamalankhule ndekha ngati wamisala.

Panali Buluzi, mnyamata wakuthwa pakamwa koma wofewa m'manja. Tsiku lina anagona tulo pa chipika choyandama, n'kudzuka ali tsidya lina, kumudzi kwa ankhanu. Kumeneko anakwatira Nagama, mwana wa mayi Nkhanu, nakhala pachikamwini. Chuma chake chonse chinali mchira, wautali ndi wonyezimira, umene ankaupaka mafuta a nsatsi asanasukusule n'komwe. Mumtima mwake sankakayika kuti Nagama anamulola chifukwa cha mchirawo.

Apongozi akewo ndiwo anali eni ngalawa yokhayo ya pamudzipo. Inali ngalawa yabwino, ya mlongoti wowongoka ndi thanga loluka ndi mlaza. Chimene inalibe ndi tsigiro, chija chimakhala kumbuyo m'madzi chowongolera ulendo. Choncho inkayenda cham'mbali, ndipo ankhanu sankaonapo vuto, poti nawonso mayendedwe awo ndi omwewo. Ankanyamuka wa kumsika n'kukafikira pamaliro a munthu wosamudziwa. Ankatsika, kulira mokwanira, kudya, kenako n'kuikoka ngalawa ndi chingwe akuyenda pansi pa madzi mpaka kwawo. Wina akang'ung'udza, mayi Nkhanu ankangoti, "Kumene mphepo yatifikitsa ndi kumene timapita."

Analinso ndi nyimbo yake yoimba ponyamuka. Mayi Nkhanu ndiwo ankaitsogolera, ena n'kumavomera akugogoda zigoba. Nyimboyo inkatcha mphepo kuti malume, ndipo inkalangiza kuti malume safunsidwa kumene akupita.

Chikamwini chinamukwana Buluzi. Anatuma nkhoswe wawo, a Chule, kukapempha chitengwa, kuti atenge mkazi wake akakhale kwawo kutsidya. Tsono mukumbuke kuti Buluzi ndi apongozi ake ankapewana monga mwa mwambo. Sankayang'anana kumaso, ndipo mawu ankadzera mwa Nagama ngakhale onse ali pakhonde limodzi.

"Uwauze amuna akowo kuti ndavomera," anatero mayi Nkhanu. "Koma mwana wanga ndikamusiya ndekha, pa ngalawa yanga. Ikakakocheza padooko la amayi awo, mwana ndi wawo. Ikakocheza kwina, tibwerera."

"Akuti avomera," anatero Nagama.

"Ndamva," anatero Buluzi akuyang'ana khoma.

"Uwauzenso kuti mwera ukaleka kuwomba tisanafike, ndiwayatsira muuni wowaunikira njira ya kwawo. Apite okha. Mmene akasambirire nawo muuniwo ndi zawo."

A Chule anamenya mimba yawo pansi kuti pangano lamangidwa. Mayi Nkhanu anaseka chamumtima, chifukwa ngalawa yawo inali isanafikepo kumene yatumidwa.

Buluzi anakhala padooko akuganiza, maso ali pa nsomba. Anaona kuti nsomba ikafuna kukhota siifunsa mphepo, imangopinda mchira.

"Akazi anga, ndazindikira," anatero. "Ngalawa ya amayi ilibe mchira."

"Inu muli nawo?" anafunsa Nagama.

Buluzi anaseka, poyesa kuti mkazi wake akumuselewula. "Wangawu ndi wa pabwalo, si wonyika m'madzi. Michira ya ntchito ilipo."

Anapita kwa a Ng'ona, amene anali mkulu wa asilikali a m'madzi, nagwada chapatali ndithu.

"Zikomo, wamkulu. Ankhanu akhazikitsa udindo watsopano, Nduna ya Kumbuyo. A Mvuu akuulimbirana, koma ine ndati kamchira kawo kangatichititse manyazi."

"Ntchito yake ndi yotani?"

"Kukhala pansi ndi kuviika mchira. Ngalawa yonse, ndi eni ake omwe, imapita kumene mchira wanu wanena."

"Chizindikiro cha udindowo chilipo?"

Buluzi anatulutsa mkanda wofiira umene anabwereka kwa Nagama osamuuza. "Uwu timamanga kumchira. Komanso pali kamwambo kamodzi. Nduna imamangidwa pakamwa ndi luzi, kuopa kuti ingaulule zinsinsi za boma."

A Ng'ona anatseka pakamwa okha, n'kupereka kuti amangidwe.

Anakweza mtondo wa Nagama, miphika ndi lichero. Mayi Nkhanu anakhala kutsogolo ndi ankhanu anzawo, a Chule pakati, a Ng'ona kumbuyo mchira uli m'madzi, Nagama atagwira chingwe cha thanga. Buluzi anabisala kuseri kwa thangalo kuti asaonane ndi apongozi, n'kumafuula malamulo ali komweko. Nyimbo ya malume inayambika ndipo ananyamuka.

Abale anga, ngalawa ija inayenda ndi mphuno patsogolo kwa nthawi yoyamba, mwakuti ankhanu awiri anachita chizungulire n'kusanza. Mchira wa a Ng'ona unali wautali, wozama, wogwira madzi ngati khasu m'dimba. Ngakhale pamene mphepo inapotoka pang'ono n'kumawomba chakumaso, Buluzi anati akhotere uku, kenako uko, Nagama akusuntha thanga, ndipo ngalawa inkakwerabe mokhotakhota ngati woledzera wodziwa kwawo. Buluzi anachisunga chimenechi mumtima.

Koma mchira wozama umatola zonse. Unatola ndere, unatola ukonde wa eni ake, unatolanso nsalu imene mayi wina anataya chaka chatha. Kenako, dooko la kwawo kwa Buluzi likuonekera, unalima mchenga wobisika pansi pa madzi. Ngalawa inaima nji, koma okwera sanauzidwe kuti aime. Mayi Nkhanu anauluka, miphika pambuyo pawo, ndipo anakatera m'madzi lichero litawavundikira.

A Ng'ona anadula luzi lija ndi ukali. "Mchira wanga wasupuka! Udindo wotani wolimitsa munthu mchenga?" Anavula mkanda n'kumira.

"Uwauze amuna akowo," anatero mayi Nkhanu ali pansi pa lichero, "kuti pano si padooko."

Anaikoka ngalawa kubwerera, nyimbo ya malume ikumveka thovu lokhalokha kuchokera pansi pa madzi.

A Chule anapereka maganizo. Iwowa ankadziona ngati katswiri wa michira chifukwa anali nawo ali mwana. "Wautali umawongola bwino koma umakhudza pansi. Pezani waufupi, wolimba, woti ukagunda chinthu, chinthucho ndicho chipepese."

Buluzi anapita kwa a Mvuu, woweruza milandu wa m'dambo.

"Bwana, a Ng'ona alephera udindo. Koma pochoka anena kuti inu simungayese n'komwe, ati kamchira kanu n'kothamangitsira ntchentche."

"Anatero?"

"Mawu ena ndikuchita manyazi kubwereza."

"Bweretsa mkandawo."

A Mvuu atakhala kumbuyo, kutsogolo kwa ngalawa kunatukuka mwakuti mayi Nkhanu ankalonjerana ndi akakowa akuuluka. Anayenda ndithu. Kamchira kaja sikanatole ndere. Kanadutsa pamwamba pa ukonde osaukhudza, kanagunda chitsa chomira, chitsa n'kuzuka. Koma kanali kaulesi pokhota, ndipo Buluzi ankati akalamula kumanja, ngalawa inkayamba yaganiza kaye.

Atafika pakati, mwera unalimba. Thanga linadzaza, ngalawa inapendekeka, ndipo kamchira kanatuluka m'madzi n'kumawongolera mpweya.

"Viikani mchira, bwana!"

"Sukufika!"

"Ndiye upukuseni mwamphamvu!"

Apa ndiye Buluzi analakwa. Aliyense wokulira kumadzi amadziwa kuti mvuu ikayamba kupukusa mchira, m'mimba namo mumavomera. Sindinena zambiri poti ena mwangodya kumene. Zinamwazika ngati wofesa mawere, thanga linasintha mtundu, ndipo Buluzi yekha ndiye anapulumuka chifukwa anali kuseri. Ngalawa inazungulira, inayenda cham'mbali, n'kukakocheza pamudzi wina pamene panali ukwati. Eni ukwati anawapatsa chakudya ali patali, n'kuwapempha kuti akadyere kumene kukupita mphepo.

"Kumene mphepo yatifikitsa ndi kumene timapita," anatero mayi Nkhanu akudzipala ndi chibade. Anali okondwa, ngakhale ankanunkha.

Anayesako a Fulu, poti mchira wawo uli ndi mpanda wachigoba ndipo palibe chingaupweteke. Funde loyamba litangomenya, a Fulu anaulowetsa m'kati ndipo anakana kuutulutsa mpaka ngalawa itabwerera kumtunda.

"Vuto ndi kupendekeka," anatero a Chule. "Ikani michira iwiri, wina uku wina uku. Wina ukatuluka, mnzake atsala m'madzi."

Kunali a Ng'azi awiri, mapasa, amene sankalankhulana kuyambira tsiku limene analimbirana dzira limodzi la nkhanga. Buluzi anapita kwa woyamba n'kumunong'oneza kuti iye ndiye nduna, mbale wakeyo ndi mesenjala chabe. Anapita kwa wachiwiri n'kumuuza zomwezo. Anawakhazika m'mbali ziwiri za kumbuyo, n'kulumikiza michira yawo ndi nsungwi kuti izikhotera pamodzi. Mkanda anaumanga pakati pa nsungwiyo.

Zinayenda bwino moti mayi Nkhanu anaiwala ndime yachiwiri ya nyimbo yawo. Ngalawa ikapendekera kumanja, mchira wakumanja unkazama. Ikapendekera kumanzere, wakumanzere unkagwira ntchito. Anadutsa pamchenga paja osakhudza.

Ndiye mayi Nkhanu anafunsa mokweza, ngati akufunsa mtambo, "Kodi mkanda wokongolawo ndi wa ndani mwa awiriwa?"

"Wanga," anatero Ng'azi wakumanja.

"Mesenjala amavala mkanda kuyambira liti?" anatero wakumanzere.

Uyu anakokera kwake, uyo anakokera kwake. Nsungwi inathyoka, michira inatang'adza, ngalawa inaima ngati yaponda phula. Mapasa anagwirana pakhosi, anagwera m'madzi, ndipo nkhani ya dzira inayambiranso pachiyambi. Mkanda wa Nagama unamira. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo tsiku limenelo Buluzi anavumbwa ndithu.

M'mawa mwake mwera unaleka. Kunayamba mpoto, mphepo yochokera kwenikweni kwawo kwa Buluzi, yokankhira chilichonse kubwerera kwa ankhanu. Mayi Nkhanu anamanga muuni wa udzu wouma, waukulu bwino, n'kuuimika pakhomo pa mkamwini.

Buluzi anauyang'ana muuniwo ndipo anachita mantha enieni. Ankamukonda Nagama, ndipo aka kanali koyamba kuti aganize za mphasa yopanda iye.

"Michira ya eni yatha, amuna anga," anatero Nagama. "Ngati muli nawo wanu, nthawi yake ndi ino."

Buluzi anatumanso a Chule kukapempha ulendo umodzi wotsiriza. Mayi Nkhanu ananyowetsa dzanja, analikweza m'mwamba, namva kumene mphepo ikuchokera. Anaseka mpaka thovu kukamwa.

"Auzeni kuti ndalola. Muuni tinyamula, ndi moto womwe m'phale, kuti tisavutike kubwerera kudzautenga."

Masana amenewo Buluzi anaitanira mkazi wake kuseri kwa nkhokwe, podziwa bwino kuti apongozi amakonda kupuma pansi pa nkhokweyo. Ananong'ona kunong'ona kwakuti ngakhale nkhuku za kwa aneba zinamva.

"Akazi anga, mawa ndiviika mchira wanga. Koma ndikuopa chinthu chimodzi. Ndikakhala kumbuyo kuja, thanga silinditchinga. Amayi akandiyang'ana, ndiyenera kutembenuza nkhope, ndipo nkhope ikatembenuka mchira nawo umapita. Akangokhala malo amodzi ndingapirire. Koma akamati abwere mbali iyi, kenako mbali iyo, basi ine ndatha. Chonde usawauze."

"Sindiwauza," anatero Nagama.

Pansi pa nkhokwe panamveka kakhosomo kachimwemwe.

Kutacha Buluzi anaupaka mafuta mchira wake, anaupepesa, n'kuuviika m'madzi ozizira. Unali wochepa, ndipo kuti ugwire madzi ankachita kukanikiza ndi msana wonse. Ngalawa itangochoka padooko, mayi Nkhanu anayenda cham'mbali mpaka kumanja, anatukula maso awo aja a pamitengo, n'kumuyang'anitsitsa mkamwini. Buluzi anatembenuzira nkhope kumanzere mwaulemu wonse. Mchira unapita, ngalawa inakhota, Nagama anasuntha thanga, ndipo anayenda chopingasa mphepo.

Mayi Nkhanu ananyamuka kuti akamupeze kumene wayang'anako. Koma ngalawa inali yopendekeka, ulendo wake unali wokwera chitunda, ndipo iwo anali achikulire. Pamene ankafika kumanzere n'kuti ngalawa itayenda mtunda ndithu. Anamuyang'ananso. Buluzi anatembenukira kumanja, mchira unapita, Nagama anasuntha thanga.

"Tasokera kodi?" anafunsa mayi Nkhanu akupuma wefuwefu.

"Akuti tasokera kodi," anatero Nagama.

"Uwauze amayi kuti andimvere chisoni," anatero Buluzi ndi mawu olira. "Akapitiriza chonchi sindidziwa kumene tikathere."

Mayi Nkhanu anawonjezera liwiro. Anayambitsa nyimbo ya malume ndi mawu onse, ndipo kwa nthawi yoyamba mkamwini anavomera nawo, mokweza kuposa ankhanu eni ake. Ankaimba kuti wamkulu ngati malume safunsidwa kumene akupita, uku mayi Nkhanu akuthamanga uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, kuwongolera ngalawa kwa asewere awo. A Chule anazindikira zimene zikuchitika, koma nkhoswe yanzeru imadziwa nthawi yoyang'ana kumwamba.

Anadutsa pakati. Anadutsa pamchenga paja, mchira wa Buluzi ukungokanda pang'ono. Kenako mayi Nkhanu anamva nthungululu zachilendo. Anatembenuza diso limodzi n'kuona abuluzi ali ndandanda pamiyala ya padooko, akugwedeza mitu, patsogolo pali mayi wokalamba wofanana mphuno ndi mkamwini wawo.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu.

Zimene anachita mayi Nkhanu sizinachitikepo pakati pa apongozi ndi mkamwini. Anathamangira kumbuyo, anadumphira m'madzi, ndi dzanja limodzi anapana mchira wa Buluzi, ndi linalo anapana bango. Ngalawa inaima. Pakati pa mphuno yake ndi dooko panatsala mpata woti mwana akhoza kulumpha.

"Sinakocheze!" anakuwa mayi Nkhanu, osadzeranso mwa Nagama. "A Chule, onani bwino, sinakhudze!"

"Sinakhudze," anavomera a Chule mwachisoni.

Mpoto unayamba kuikankhira ngalawa m'mbuyo. Buluzi anamva ululu kuyambira kumchira mpaka m'mano. Pakamwa pake paja, pamene pananyenga a Ng'ona ndi a Mvuu, panalibe bodza lotsala. Anayang'ana muuni uli gone pambali pa phale la moto. Anayang'ana Nagama, amene anali atagwira chingwe cha thanga ndi manja onse awiri, osachisiya.

"Akazi anga, kokani thanga kamodzi kokha," anatero.

Nagama anakoka. Buluzi anatsinzina, anadziponya kutsogolo ndi mphamvu zake zonse, n'kuusiya mchira. Unaduka kuti thu! Ngalawa inaterereka, mphuno yake n'kugunda dooko.

A Chule anamenya mimba pansi. "Yakocheza."

Mayi Nkhanu anatuluka m'madzi cham'mbali, m'manja muli mchira wa mkamwini ukuphiriphitha, pamaso pa mudzi wonse wa asewere awo. Anafuna kuutaya, koma dzanja linakana kutseguka ndi manyazi. Amayi a Buluzi anawayalira mphasa.

"Takulandirani, asewere. Mwayenda bwanji ndi mphepo yoipayi?"

Mayi Nkhanu anayang'ana ngalawa, anayang'ana mwana wawo akutsitsa mtondo. Mawu anatuluka pang'onopang'ono ngati akuwazula ndi mizu. "Kumene mphepo yatifikitsa," anatero, "ndi kumene timapita."

Anthu akuvina, Buluzi sankaoneka. Nagama anakamupeza atabisala kuseri kwa mwala, kumbuyo kwake ataphimba ndi tsamba, misozi ili chuchuchu.

"Mukulira chiyani, poti tafika?"

"Tafika, inde. Koma chimene unandikondera chatsala m'manja mwa amayi. Ukafuna kubwerera nawo, sindikuletsa."

"Chimene ndinakukonderani ndi chiyani?"

"Mchira."

Nagama anamuyang'ana modabwa. "Ndiye kuti munalidi nawo? Ine ndimayesa mumangonena, monga mumanenera zinazi."

"Sunauonepo?"

"Ndikanauona bwanji? Ine ndine nkhanu, amuna anga. Chikwatiranireni ndimayenda pambali panu. Kumbuyo kwanu sindinapiteko."

Anamuchotsa tsamba lija, anayang'ana kamodzi, n'kunena kuti palibe chimene chikusowa. Kenako anamugwira dzanja, ndipo anapita kubwalo, wina choongoka, wina cham'mbali.

Mchira unaphukanso, wotuwa ndi wosaoneka bwino, ndipo Buluzi sanaupakenso mafuta. Amisiri a ngalawa anayamba kusema michira yamatabwa, ndipo mpaka lero sagwirizana. Uyu amati wautali, uyo waufupi, wina awiri, wina woti ukagunda chinthu uzigonja wokha. Buluzi akawamva ali pamwala amangogwedeza mutu, poti iye anaona kuti tsigiro lililonse lili ndi tsiku lake lokukhumudwitsa.

Yanga yakocheza pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.